Selfkant, midzi ya Germany yomwe inakhala chikole zaka 14

Mukatsegula mapu a Netherlands n'kuyang'ana kumunsi kwenikweni, kuchigawo cha Limburg, muona kuti dzikolo lafinyika ngati khosi la botolo pafupi ndi tauni ya Sittard. Mbali iyi kuli mtsinje wa Maas ndi Belgium, mbali inayo kuli Germany, ndiye pakatipo pangotsala makilomita osakwana 5 basi. Chomwe chafinya khosilo ndi kadera ka Germany kotchedwa Selfkant, komwe kanalowerera mkati ngati chigongono. Ndi kumudzi ndithu, minda ya alimi, matchalitchi a Katolika, timidzi ngati Tüddern, Havert, Millen, Höngen, Wehr, Süsterseel, Hillensberg ndi Isenbruch, komwe kuli nsonga ya kumadzulo kwenikweni kwa dziko lonse la Germany. Kadera kameneka kanakhalapo boma lapalokha pansi pa ulamuliro wa Adatchi, anthu a ku Netherlands, kuyambira 1949 mpaka 1963, ndipo nkhani yake ine imandikhudza chifukwa eni midziwo sanafunsidwe, potengedwa pomwe, pobwezedwa pomwe.

Kuti timve bwino tiyambire pa nkhondo. Asilikali a Hitler analowa mu Netherlands mu Meyi 1940, anaphulitsa pakati pa mzinda wa Rotterdam, nakhala m'dzikomo zaka zisanu. Ayuda oposa 100,000 a m'dzikomo anatengedwa n'kukaphedwa. Nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945 kunagwa njala yoopsa moti anthu pafupifupi 20,000 anafa, ena akudya mizu ya maluwa kuti apulumuke. Ndiye nkhondo itatha Adatchi anali ndi mkwiyo womveka, palibe angawadzudzule pamenepo, ndipo funso linali loti Germany ilipira ndi chiyani poti ndalama inalibe, mizinda yake inali mabwinja okhaokha. Ena anati ilipire ndi nthaka. Panali bambo wina, Frits Bakker Schut, yemwe dzina lake linamatirira pa pulani yotenga chigawo chachikulu zedi, mpaka mizinda ngati Aachen, Cologne, Münster ndi Osnabrück, ndipo maganizo ena anali oti Ajeremani okhala mmenemo athamangitsidwe kutsale nthaka yokha.

Amereka ndi Angerezi anakana. Kumadzulo kwa Germany kunali kutadzaza kale mamiliyoni a anthu othamangitsidwa kuchokera kum'mawa, osowa pogona, ndiye kuwonjezerapo ena zinali zosatheka, komanso mkangano ndi Soviet Union unali utayamba ndipo Amereka ndi Angereziwo amafuna Germany ya kumadzulo iime payokha msanga. Zofuna za Adatchi zinangofota, kufota, mpaka mu Marichi 1949 ku Paris anagwirizana zongokonza malire pang'ono, ndipo zinanenedwa kuti n'zongoyembekezera kufikira pangano lenileni la mtendere litadzasainidwa. Zonse pamodzi zinakwana masikweya kilomita pafupifupi 69 ndi anthu pafupifupi 10,000. Zigawo zikuluzikulu zinali ziwiri, Elten kumpoto ndi Selfkant kummwera, ndipo Selfkant ndi yomwe inali yaikulu, masikweya kilomita oposa 40 pang'ono, anthu oposa 5,000.

Pa 23 Epulo 1949 asilikali ndi apolisi achidatchi analowa. Taonani deti limeneli, chifukwa dziko la West Germany linabadwa pa 23 Meyi 1949, patatha mwezi wathunthu, kutanthauza kuti tsiku lomwe midziyi imatengedwa kunalibe boma la dziko lonse loti liwayankhulire. Yemwe anakuwa kwambiri anali Karl Arnold, nduna yaikulu ya chigawo cha North Rhine-Westphalia, koma mphamvu zinali m'manja mwa maiko omwe anapambana nkhondo. Mudzi wa Saeffelen, woyandikana nawo komanso wa dera lomwelo, unatsala ku Germany, ndiye mwadzidzidzi munthu wopita kukaona mlongo wake mudzi wachiwiri amayenera kudutsa pa boda.

Tsopano kayendetsedwe kake ndi komwe ndikufuna tikhalepo pang'ono. Adatchi sanapange midziyi kukhala makhonsolo wamba ngati ena onse a m'dziko mwawo ayi. Anapanga chinthu chapadera chotchedwa Drostambt Tudderen, poti Tüddern pachidatchi ndi Tudderen, ndipo pamwamba pake anaikapo mkulu wotchedwa landdrost, dzina lakalekale la udindo lomwe anachita kukalifukula. Munthuyo anali Hubert Dassen, ndipo ku Elten anaikako Adriaan Blaauboer. Landdrost sanasankhidwe ndi anthu, anachita kuikidwa ndi boma la ku The Hague, ndipo mphamvu zomwe kwina konse zimagawidwa pakati pa meya ndi makhansala zinali m'manja mwa munthu m'modzi ameneyu. Anthu akumudzi amatha kupereka malangizo, koma chomaliza chinali chake.

Nanga anthuwo anali nzika za kuti? Apa ndiye pamandiwawa. Unzika wawo wa Germany sanalandidwe, koma wa Netherlands sanapatsidwe. M'mapepala awo oyendera munalembedwa mawu achidatchi akuti "Wordt als Nederlander behandeld", kutanthauza kuti ameneyu azitengedwa ngati Mdatchi. Ngati Mdatchi, osati Mdatchi. Tangoganizani mlimi wa ku Havert atagwira kabuku kameneka pa windo la ofesi, wabadwira pomwepo, makolo ake anaikidwa kuseri kwa tchalitchi chomwecho, ndalama m'thumba mwake tsopano ndi ma guilder achidatchi, malamulo omwe akumulamulira akupangidwa ndi nyumba ya malamulo yomwe iye sangaivotere. Mwana wobadwa chaka chimenecho anafika zaka 14 asanaonepo bambo ake akusankha yemwe akulamulira mudzi wawo.

Koma tinene zoona, moyo sunali wa nkhanza, ndipo ichi ndi chomwe chimapangitsa nkhaniyi kukhala yovuta kuigamula. Anthu a mbali zonse ziwiri za malirewo amayankhula chinenero chimodzi cha kwawo cha ku Limburg, amapemphera mofanana, amakwatirana, ndipo tauni yawo yeniyeni yogulako zinthu kuyambira kale inali Sittard. Malire omwe anawalekanitsa ndi tauniyo anabwera nkhondo za Napoleon zitatha, pomwe akuluakulu a ku Ulaya mu 1815 anagwirizana kuti Prussia, ufumu wachijeremani womwe unatenga deralo, isafike pa mtsinje wa Maas. Ndiye kwa ambiri zaka za Adatchi zinali ngati chitseko chakale chatsegukanso. Amuna anapeza ntchito m'migodi ya malasha ya ku Limburg, ngati mgodi wa Maurits ku Geleen, ndi m'mafakitale apafupi. Misewu inakonzedwa, nyumba zinamangidwa, ndipo mpaka lero m'midzimo muli nyumba za mamangidwe achidatchi zomwe zimaonekera kuti ndi za nthawi imeneyo. Khofi, fodya ndi batala zinali zotchipa kuposa ku Germany. Munthu wokhuta sachedwa kuzolowera, ndipo ambiri anazoloweradi.

Komabe ine ndimaona kuti kukhuta sikufafaniza funso lija. Midziyi inagwiridwa ngati mmene munthu amagwirira njinga ya mnzake kufikira ngongole itabwezedwa. Njingayo atha kuisamala, kuithira oilo, kuiika m'nyumba mvula ikamagwa, koma ikadali chikole. Ndipo umboni wake ndi momwe zinathera. West Germany itayamba kulemera, maiko awiriwa anakhala pansi, onse ali kale mu NATO komanso mu msika umodzi wa ku Ulaya, n'kukambirana zaka zingapo nkhani zonse zotsalira za nkhondo. Pa 8 Epulo 1960 anasaina pangano ku The Hague. Germany inavomera kulipira ma mark, ndalama zake za nthawi imeneyo, okwana 280 miliyoni, mwa ndalama zimenezi 125 miliyoni zinali za anthu omwe anazunzidwa ndi a Nazi, ndipo Netherlands inavomera kubweza nthaka. Kuvomereza panganolo kunatenganso zaka zitatu chifukwa kwa Adatchi ambiri mabala anali adakali aawisi. Malo amodzi odziwika omwe sanabwezedwe ndi kaphiri ka nkhalango pafupi ndi Nijmegen, komwe Adatchi amati Duivelsberg, Ajeremani amati Wylerberg.

Usiku wa pa 31 Julayi kuchera pa 1 Ogasiti 1963 ndi womwe anthu amaukumbukira kwambiri, makamaka ku Elten komwe mpaka pano amautcha usiku wa batala. Amalonda anawerengera bwino. Katundu akadutsa boda amalipira msonkho, koma nanga boda ikadutsa katundu? Ndiye masiku omalizawo malole anakhamukira kumeneko atadzaza batala, khofi, mazira, tirigu, anaimikidwa m'misewu, m'mabwalo, katundu wina anamuunjika m'nkhokwe ndi m'maholo, madalaivala angokhala kudikira. 12 koloko usiku itakwana malole aja, osasuntha ngakhale tayala limodzi, anapezeka ali mu Germany, msonkho ziii. Ku Selfkant nakonso anthu anachita zomwezo. Kutacha Drostambt Tudderen kunalibenso, ofesi ya landdrost inatha, midzi inabwerera pansi pa boma la dera la Geilenkirchen-Heinsberg, ndipo anthu anayambanso kuphunzira mitengo ya zinthu mu ma mark. Mu 1969 midziyo, pamodzi ndi Saeffelen uja anatsala, inaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi ya Selfkant, yomwe lero ili m'boma la Heinsberg.

Chinthu chimodzi chinatsalira kwa nthawi yaitali. M'zaka zawo zija Adatchi anamanga msewu wodula pakati pa Selfkant, wa N274, kuti magalimoto ochokera kudera la migodi cha ku Brunssum azipita kumpoto cha ku Koningsbosch osazungulira pa khosi la botolo lija. Pobweza nthaka anagwirizana kuti msewuwo ukhalabe m'manja mwa Netherlands. Ndiye unali msewu wachidatchi wodutsa m'minda ya Germany, wopanda pokhotera paliponse, misewu ya m'midzi imadutsa pamwamba kapena pansi pake, ndipo mlimi wa ku Selfkant amatha kuona magalimoto akudutsa m'mphepete mwa munda wake koma iye analibe polowera. Unaperekedwa kwa Germany mu 2002, ndipo pambuyo pake ndi pomwe anaulumikiza ndi misewu ya m'midzimo.