Timaloboti tija sitinabwere, kunabwera timafuta

Mphekesera ija yoti mu katemera wa Covid anaikamo tichipi toti azitilondola nato sinatheretu, imangogona kenako n'kudzukanso pa WhatsApp kukangomveka za katemera wina. Anthu akamva kuti katemera wa Pfizer ali ndi ma nanoparticle, tinthu ting'onoting'ono toyezedwa m'ma nanomita, amati si izi tinkanena zija. Chipi mulibemo, limenelo ndi bodza. Koma maganizo oti timakina tosaoneka ndi maso tizidzayenda m'magazi mwathu sanayambire kuno ayi, anayambira kwa anthu ophunzira kwambiri ku America ndipo boma lawo linathirapo ndalama zankhaninkhani.

Nanomita ndi kamuyeso kakang'ono zedi, mutenge milimita imodzi muigawe ka 1,000,000. Ambiri amati zonse zinayamba pa 29 December 1959 pomwe katswiri wa physics Richard Feynman analankhula ku yunivesite ya Caltech ku America zoti tsiku lina anthu azidzasuntha ma atomu limodzilimodzi, mpaka anatchula maganizo a mnzake Albert Hibbs oti wodwala azidzameza "dokotala" wamng'ono wokakonza m'kati. Koma Chris Toumey yemwe anafufuza mbiriyi anapeza kuti kwa zaka pafupifupi 20 ndi ochepa okha omwe ankatchula mawu a Feynman aja, ndipo anthu omwe anapanga zida zenizeni ambiri anati sanawatsatire n'komwe. Ine ndikuona kuti Toumey akunena zoona, dzina la Feynman analibweretsa pambuyo poti nkhaniyo ikhale ndi agogo ake otchuka. Zida zinabwera mwa njira yawo: mu 1981 Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer ku IBM ya ku Zurich anapanga maikulosikopu yoona ma atomu, mu 1989 Don Eigler analemba zilembo za IBM ndi ma atomu 35 a xenon.

Amene anagulitsa malotowa kwa anthu wamba ndi Eric Drexler, ndi buku lake la mu 1986 lotchedwa Engines of Creation. Iyeyu ankati kudzakhala timakina tomanga chilichonse kuchokera ku ma atomu, tokonza maselo owonongeka, mwinanso kuchedwetsa ukalamba, koma anachenjezanso kuti titapulumuka n'kumadzichulukitsa tokha titha kudya dziko lonse. Chiyembekezo ndi mantha zonse m'buku limodzi.

Ndiye apa ndi pomwe zinthu zinatembenukira. Mu January 2000 Bill Clinton anapita ku Caltech komweko kukalengeza National Nanotechnology Initiative, pologalamu ya boma yofufuza za tinthu ta nano, ndalama zoyambira pafupifupi madola 500 miliyoni, akulonjeza zopeza khansa ikadali maselo ochepa chabe. Mmodzi mwa omwe anakankha kwambiri kuti ndalamazo zituluke anali Richard Smalley, katswiri wa chemistry yemwe anapata Nobel mu 1996, ndipo mu 1999 anakalankhula ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, iye mwini akudwala khansa ya m'magazi. Smalley yemweyo ndi amene anatembenukira Drexler. Mu 2001 analemba m'magazini ya Scientific American kuti timaloboti ta Drexler sitingatheke, chifukwa "zala" zogwirira atomu nazonso ndi za ma atomu, ndiye n'zonenepa kwambiri moti sizingakwane pamalopo, komanso n'zomata, zikagwira atomu sizingaisiye pomwe ukufuna. Drexler anayankha kuti iye sananenepo za zala, ndipo anati m'maselo mwathu muli kale ma enzyme ndi ma ribosome omwe amamanga zinthu mwadongosolo chomwecho. Makalata awo anasindikizidwa m'magazini ya Chemical & Engineering News mu December 2003, ndipo kumapeto Smalley anasiya za sayansi n'kuuza Drexler kuti iye ndi anzake aopseza ana. Mwezi womwewo George W. Bush anasaina lamulo lopereka madola pafupifupi 3.7 biliyoni pa zaka zinayi, ndipo njira ya Drexler sinapatsidwe malo enieni.

Pa chemistry akatswiri ambiri anali mbali ya Smalley, ndipo mpaka lero palibe wapanga kamakina ka Drexler kaja. Komabe ukawerenga makalatawo umaona Drexler ngati munthu yemwe maloto ake anathandiza kukopa andale kenako n'kutsekeredwa kunja ndalama zitafika. Otsatira Drexler amati anachotsedwa dala kuti mantha a anthu asaononge bizinesi, a mbali inayo amati inali sayansi basi, ndipo zolembedwa zomwe zilipo sizithetsa mkanganowo. Smalley anamwalira mu 2005.

Malonjezo sanathe ngakhale Drexler atachoka. Mkulu wa National Cancer Institute, bungwe la boma la America lofufuza za khansa, panthawiyo Andrew von Eschenbach anaika cholinga choti pofika 2015 kuvutika ndi imfa za khansa zidzakhale zitatha, ndipo nano inali imodzi mwa njira zomwe ankadalira. 2015 inadutsa. Mu 2016 gulu la Warren Chan ku Toronto linasanthula kafukufuku wa zaka khumi pa nyama n'kupeza kuti mwa tinthu ta nano tomwe amabaya, tofika pa chotupa ndi pafupifupi 0.7 peresenti yokha, tambiri timakathera ku chiwindi ndi kapamba. Ena anatsutsa kawerengedwe kake, koma chaka chomwecho kampani ya mankhwala a khansa a nano ya BIND Therapeutics yomwe inkatamandidwa kwambiri inagwa.

Zomwe zinagwiradi ntchito ndi zinthu zosadzitama. Kamzere kofiira kamene kamatuluka poyezetsa malungo kapena mimba nthawi zambiri ndi tizidutswa ta golide tating'onoting'ono. Foni yomwe mukuwerengerayi ma transistor ake, timaswichi ta m'tchipi, ndi a mulingo wa nano. Ndipo kuchipatala ndi timipira ta mafuta, ma liposome omwe Alec Bangham anawafotokoza ku England m'ma 1960, abale ake a timafuta tomwe timanyamula mRNA, malangizo opita ku maselo, mu katemera wa Pfizer uja.

Apa nkhani imatikhudza ife. Doxil, mankhwala a khansa okutidwa m'timafuta, analoledwa ku America mu 1995, ndipo matenda oyamba omwe analoledwera anali Kaposi sarcoma, khansa yomwe yasautsa Amalawi ambiri chifukwa cha HIV. Koma kwa zaka zambiri odwala athu ankangolandira vincristine ndi bleomycin poti Doxil ndi wodula. Winanso ndi AmBisome, amphotericin wokutidwa m'timafuta, wochiza cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi omwe amapha anthu ambiri omwe chitetezo chatsika. Kafukufuku wa AMBITION yemwe anachitikira ku Blantyre ndi Lilongwe pamodzi ndi Botswana, Uganda, Zimbabwe ndi South Africa anaonetsa mu 2022 kuti dilipi imodzi yokha ya mankhwalawa, kuphatikiza mapilitsi, imagwira ntchito mofanana ndi amphotericin wakale wa masiku 7 koma osapweteka kwambiri impso ndi magazi. Omwalira anali 24.8 peresenti mwa olandira AmBisome poyerekeza ndi 28.7 mwa olandira wakaleyo, ndipo WHO inasintha malangizo ake chaka chomwecho. Kampani ya Gilead yomwe imapanga AmBisome inalengeza mu 2018 mtengo wa madola 16.25 pa kabotolo kamodzi kwa maiko osauka, munthu wa makilo 60 amafunika timabotolo 12, ndipo a bungwe la madokotala la MSF akhala akudandaula kuti ngakhale mtengo umenewo unachedwa kufika m'maiko ambiri omwe anaulonjezedwa.