Kukhuta kokha sikokwanira: zimene thupi limafuna m'chakudya

Munthu atha kumadya n'kukhuta tsiku ndi tsiku koma thupi lake likuperewera zakudya. Azaumoyo amati imeneyi ndi njala yobisika: m'mimba mwadzaza, koma mavitamini ndi michere yofunika m'thupi mulibe. Njala yotereyi siluma m'mimba, n'chifukwa chake ambiri amaizindikira mochedwa, mwana atapinimbira kale kapena mayi magazi atamuchepera.

Zakudya monga tirigu, mpunga, chimanga ndi mbatata zimapatsa mphamvu, ndipo n'zimene zimachuluka m'mbale za anthu ambiri. Mapuloteni, omwe amamanga ndi kukonza minofu, amapezeka m'mazira, nsomba, nyama, mkaka ndi nyemba. Amapangidwa ndi tizigawo tamitundu 20, ndipo 9 mwa mitunduyi thupi silitha kudzipangira lokha, choncho iyenera kuchokera m'chakudya basi. Mafuta nawonso musawathawe konse. Ali ndi mphamvu zambiri, makalori 9 pa galamu imodzi pomwe mapuloteni ali ndi 4, choncho ochepa chabe amakwanira. Koma popanda mafutawo, mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi. Thirani timafuta pang'ono pophika masamba obiriwira kapena makaloti.

Mwa michere yofunika m'thupi, ayironi ndiye amene tiyenera kumuyang'anitsitsa, makamaka kwa atsikana amene ayamba kusamba, amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Akachepa, magazi amachepanso: munthu amatopa msanga, amamva chizungulire, mtima umathamanga ngakhale pantchito yochepa. Kokerani pansi chikope cha m'munsi muone mkati mwake. Ngati mwayera m'malo mofiira, kapena zikhatho zatuwa, pitani kuchipatala akayeze magazi. Ayironi wa m'nyama ndi m'chiwindi amalowa mosavuta. Wa m'nyemba ndi m'masamba amafuna thandizo la vitamini C, choncho idyani pamodzi ndi lalanje, tomato kapena chipatso china. Tiyi amatsekereza ayironi, ndiye ndi bwino kumwa patapita nthawi mutadya, osati pakudya pomwepo.

Ayodini amafunika wochepa kwambiri, koma akasowa, chithokomiro chimatupa pakhosi ndipo ubongo wa mwana amene ali m'mimba sukula bwino. Mchere wothira ayodini umateteza zimenezi. Mayi amene akufuna kutenga pakati ayambe kumwa mapiritsi a folic acid (mtundu wa vitamini B), mamaikulogalamu 400 patsiku, asanaime n'komwe, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kupangika m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe kuti ali ndi pakati.

Masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi ofunika koposa, chifukwa kupinimbira kochitika nthawi imeneyi n'kovuta kukukonza pambuyo pake. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6, osampatsa ngakhale madzi. Kenaka yambani kumpatsa zakudya zakasinthasintha uku mukuyamwitsabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Kwa akuluakulu, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudya zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400 patsiku, komanso mchere wochepera magalamu 5, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'buledi ndi m'zakudya za m'mapaketi. Mchere ukachuluka umayambitsa kuthamanga kwa magazi.