Madzi adzaza, koma injini ikutenthabe

Galimoto ikayamba kutentha injini patangopita masiku ochepa chisinthireni pampu ya madzi, paipi kapena rediyeta, musafulumire kunena kuti chipangizo chatsopanocho n'chabodza. Kawirikawiri vuto limakhala mpweya umene unatsekeredwa mkati pothira coolant watsopano (madzi osakaniza ndi mankhwala oziziritsira injini).

Coolant amayenda m'tinjira ta mkati mwa injini, n'kudutsanso mu hita ndi mu rediyeta. Mukamukhetsa n'kuthira wina, mpweya umakwera n'kukabisala pamalo okwera: kumutu kwa injini, pafupi ndi thermostat (kavalavu kamene kamatsekereza madzi kupita ku rediyeta mpaka injini itatentha), ndi mu hita. Pamalo potero chitsulo chimangopsa, chifukwa mpweya suchotsa kutentha ngati madzi. Choopsa n'chakuti sensa yoyeza kutentha ikazingidwa ndi mpweya imanamiza geji ya pa dashibodi, muvi n'kumaonetsa kuti zonse zili bwino pamene mutu wa injini ukupindika. Zizindikiro zake sizivuta: hita imatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, kuseri kwa dashibodi kumamveka madzi akuchita khuthukhuthu, ndipo muvi wa geji umakwera n'kutsika mosadziwika bwino.

Ntchito yotulutsa mpweyawu muiyambe injini itazizira ndithu. Chivundikiro cha rediyeta chimasunga madzi ali opanikizika pa mphamvu (presha) ya pafupifupi 1 bar, motero madzi amatha kupitirira madigiri 110 osawira. Mukachitsegula ali otentha, amawira nthawi yomweyo n'kukuthovokerani kumaso.

Imikani galimoto kutsogolo kuli chokwera, kuti pothirira pakhale pamwamba kuposa pena paliponse. Ikani hita pa kutentha kwambiri. Ngati injiniyo ili ndi kasikuluwu kotulutsira mpweya, kamasuleni pang'ono, muthire coolant mwapang'onopang'ono mpaka atayamba kutuluka wopanda thovu, kenako mukamange mosakakamiza, poti tambiri ndi tapulasitiki. Finyani paipi yaikulu ya pamwamba kangapo, mumva mpweya ukutuluka.

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale amakaniko ena othamangira ntchito ina, amalekera. Amaona madzi afika pakamwa, amatseka, basi. Komatu thermostat imakhala idakali yotseka. Pa injini zambiri imatseguka pakati pa madigiri 80 ndi 95, ndipo isanatseguke mpweya wa kuseri kwake ulibe potulukira. Choncho lizani injini chivundikiro chili chotsegula, mudikire. Thermostat ikatseguka, rediyeta yonse imatentha, madzi amatsika mwadzidzidzi ndipo thovu limabwera pamwamba. Onjezerani, pondani mafuta pang'ono mpaka 2,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) kwa kamphindi, mudikirenso mpaka fani ya rediyeta italira. Hita ikayamba kutulutsa mphepo yotentha mosadukiza, tsekani chivundikiro. M'mawa mwake, injini itazizira, yang'ananinso mlingo wa madzi, chifukwa nthawi zambiri amakhala atatsikako. Coolant wotayikira pansi mupukute: amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana ndi agalu.

Mpweya wotsekeredwa umatha. Mukaona thovu likungobwerabe mosalekeza, paipi ikulimba gwa injini itangoliza kumene, umenewo si mpweya wamba. Ndi utsi wa mu silinda umene ukudutsa pa gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu ndi thupi la injini. Ku garaja amayeza zimenezi ndi mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsiwo, ndipo akasanduka, mutu wa injini uyenera kutsegulidwa.