Oilo Wotayika Pansi Sachoka ndi Mvula

Ndatopa nazo zomwe zimanenedwa kuno ku Salima, zoti oilo wotayika pachigayo kapena pagalaja amachoka yekha mvula ikagwa, komanso zoti achule akafa pofukula dothilo palibe chatayika.

Mvula imangomukokololera kudambo. Chule amamwa madzi kudzera pakhungu, mazira ake alibe chigoba, ndiye oilo amamulowa msanga. M'chilimwe achule ena amabisala pansi, khasu limawapeza momwemo. Zimandiwawa, chifukwa padziko lonse mitundu pafupifupi 4 mwa 10 iliyonse ya achule ndi anzawo ili pangozi yotheratu.

Dzionereni nokha. Mvula ikakata, pitani pachithaphwi chapafupi ndi chigayo, muone utawaleza woyandama pamadzi, muwerenge mbululu, kenako muyerekeze ndi chithaphwi chakutali. Zomwe simunatsimikize, chonde musauze ena.