M kapena F: chitupa, ndalama ndi anthu a transgender mu Harare

Mu Harare muno muli ana athu, zidzukulu za matchona, amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma chiyambire ubwana wawo amadzidziwa kuti ndi akazi, ndi ena amene anabadwa ndi thupi lachikazi koma amadzidziwa kuti ndi amuna. Eni ake amadzitchula kuti a transgender. Nkhani yawo ikabuka pamaliro ku Mufakose kapena mu kombi ya ku Mabvuku, sichedwa kugawa anthu. Ena amati ndi ziwanda. Ena amati ndi zotengera kwa azungu, ena amati ndi njira yodyera ndalama za mabungwe. Ochepa amangokhala duu, ndipo nthawi zambiri pakati pa okhala chetewo ndi pamene pali mayi ake a mwanayo. Mkanganowu sunagwe kuchokera kumwamba. Mbali yaikulu ya mbiri yake inachitikira mumzinda uno, m'maofesi amene ife timawadziwa bwino kwambiri.

Ndiyambire pa chitupa, poti kuwawa kwake ife tinakulawa kalekale. Agogo athu anafika ku Salisbury, Harare wa lero, ena poyenda pansi kudzera ku Tete, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, n'kukagwira ntchito m'mapulazi a fodya, m'migodi, m'makhitchini a azungu ndi ku khonsolo ya mzinda. Mwamuna aliyense wakuda ankayenda ndi chitupa m'thumba, ndipo wopezeka alibe ankagona m'chitokosi. Ambiri sanabwererenso kumudzi. Anakwatira konkuno, anamanga matchalitchi a CCAP ndi mizikiti, anayambitsa mabungwe a maliro, gule n'kumatuluka ku Dzivarasekwa ndi ku Tafara monga amatulukira ku Dedza. Koma mu 2001 boma linasintha lamulo la unzika. Aliyense amene kholo lake linachokera kunja anapatsidwa miyezi 6 kuti akakane unzika wa dziko la makolo akewo, apo ayi sakhalanso nzika ya Zimbabwe. Anthu amene Lilongwe anali asanamuonepo ndi maso anauzidwa kuti akakane Malawi. Ochuluka anatsala ndi zitupa zodindidwa kuti Alien, pa chisankho cha 2002 anabwezedwa pamzere, ndipo ana awo ankavutika kupeza chikalata cha kubadwa choti alembere mayeso. Ndi m'zaka zomwezo pamene a Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, mawu amene mpaka lero amawawa a Phiri, a Banda ndi a Mwale ambiri. Amene anaimapo pamzere wa ku Makombe Building, ku ofesi ya zitupa, kuyambira tambala woyamba amakumbukira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anabweza unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, ndipo malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Pa chitupa chomwecho pali chilembo china, M kapena F, chosonyeza ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Chimenechi ndiye sichinakhudzidwe. Lamulo lolembera obadwa ndi omwalira limalola munthu kusintha dzina, koma mulibe njira yosinthira chilembocho. Munthu akhoza kumwa mankhwala zaka khumi, mawu n'kusintha, ndevu n'kumera kapena mabere n'kutuluka, koma pa pepala adzakhalabe mmene namwino anamulembera tsiku lobadwa. Ndiye taganizani malo onse amene chitupa chimafunika: ku banki, pogula layini ya foni, polandira ndalama zochokera ku Joni, pofunsira ntchito, pa rodibuloko, ku Beitbridge. Malo onsewa munthuyu amayenera kufotokoza za thupi lake kwa mlendo, anthu a pamzere akumvetsera.

Kukhala wa transgender si mlandu m'malamulo a Zimbabwe, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Chimene chilipo ndi lamulo loletsa amuna kugonana okhaokha. Lamuloli linafika ndi atsamunda a Cecil Rhodes kuyambira 1890, atalitenga ku Cape, ndipo m'mabuku a makhoti a nthawi imeneyo muli milandu yambirimbiri ya amuna akuda a m'makomboni a migodi ndi a m'tauni. Izi zokha zikutiuza kuti chimene azungu anabweretsa ndi chilango, osati anthuwo. Lero lili m'gawo 73 la malamulo a milandu amene anayamba kugwira ntchito mu 2006, ndipo chilango chake chimafika chaka chimodzi m'ndende. Mkazi wa transgender amene chitupa chake chimati M, wapolisi amamuona ngati mwamuna wovala diresi, ndipo gawo 73 limakhala chomuopsezera ngakhale asanachite kanthu. Nthawi zambiri nkhani imathera pa ka ndalama koperekedwa mobisa. Apa ndi pamene thumba limayambira kubooka.

Chidani cha poyera chili ndi chaka chake. Bungwe la GALZ, loimira amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo, linayamba mu 1990, ndipo kwa zaka zingapo linkangogwira ntchito mwakachetechete. Mu 1995 linapempha tebulo pa chionetsero cha mabuku chimene chinkachitikira ku Harare Gardens. Boma linaletsa, ndipo m'masiku omwewo a Mugabe analankhula mawu aja odziwika, akuti anthu oterewa ndi oipa kuposa agalu ndi nkhumba. Kuyambira pamenepo nkhaniyi inasanduka chida cha ndale, chotulutsidwa chisankho chikayandikira. Mlandu wa a Canaan Banana, pulezidenti woyamba wa dziko lino, amene khoti linawapeza olakwa mu 1998 pa milandu yogona ndi amuna anzawo, unangowonjezera moto, ngakhale kuti phata la mlanduwo linali kukakamiza anthu amene anali pansi pawo. Apolisi analowa mu ofesi ya GALZ mu 2010, ndipo mu August 2012 anamanga mamembala 44 nthawi imodzi. Malamulo aja a 2013 amene anatibwezera unzika, m'gawo 78 analetsa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. A Mugabe atachoka mu 2017 phokoso linacheperako, koma mu February 2024 wachiwiri kwa pulezidenti, a Constantino Chiwenga, anatulutsa chikalata chodzudzula GALZ chifukwa cholipirira ophunzira fizi ya kuyunivesite. M'zonsezi palibe amene ankasiyanitsa nkhani ya amene munthu amamukonda ndi nkhani ya mmene munthu amadzidziwira yekha. Onse anaikidwa m'gulu limodzi, ndipo a transgender ndi amene amamenyedwa poyamba, chifukwa iwo amaonekera akangotuluka pakhomo.

Mlandu umene unasiyanitsa zinthu ziwirizi unachokera ku Bulawayo. Mu January 2014 mayi Ricky Nathanson, wa transgender, analowa m'chimbudzi cha akazi pa hotela ina mumzindawo. Anagwidwa, apolisi anabwera, anawavula kuti aone ziwalo zawo, anawatengera kuchipatala kukawapima osawapempha, n'kuwatsekera masiku awiri. Mlandu umene anawapatsa unali wosokoneza anthu, ndipo khoti laling'ono linautaya. Iwo sanalekere pomwepo, anasumira apolisi. Mu November 2019 jaji Francis Bere wa khoti lalikulu anagamula kuti kumangidwako kunali kosaloledwa, kuti anawachitira zochotsa ulemu wa umunthu, ndiponso kuti anthu a transgender ndi nzika za dziko lino zoyenera kutetezedwa ndi malamulo mofanana ndi wina aliyense. Analamula chipukuta misozi cha madola 400,000 a ndalama za kuno, m'chaka chimene mitengo inkakwera sabata ndi sabata. Chigamulocho chimatuluka mwini wake atathawira kale ku America. Ine ndimachiona chigamulo chimenechi ngati chinthu chachikulu, ndipo ndimafuna mwana aliyense wa ku Highfield atachidziwa. Komabe chinatenga zaka pafupifupi 6 ndi maloya odzipereka, ndipo sichinasinthe chilembo cha pa chitupa cha munthu ndi mmodzi yemwe.

Tsopano za chipatala, kumene ndalama zimalamula mopanda manyazi. Si onse a transgender amene amafuna mankhwala kapena opaleshoni. Ena amangofuna dzina, zovala ndi mtendere. Koma amene amafuna, njira yake imadziwika. Mkazi wa transgender amamwa estradiol, kawirikawiri pamodzi ndi mankhwala ena ochepetsa mphamvu ya mahomoni achimuna. Mwamuna wa transgender amabayitsa testosterone. Si mankhwala omwa mwezi umodzi n'kusiya. Ndi a zaka ndi zaka, ndipo amafuna kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi kuti dokotala aone mlingo wa mahomoni, chiwindi ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda a misala mu 2019, koma m'zipatala za boma kuno mulibe dongosolo lothandizira anthuwa. Ndipo zipatalazo n'zolema kale. Amene anali kuno mu 2008 amakumbukira mawodi otsekedwa, kolera, ndi pepala la ndalama la 100 trillion limene linatuluka kumayambiriro kwa 2009. Kumapeto kwa 2019 madokotala ananyanyala ntchito miyezi yoposa inayi. Tadutsa m'ndalama zosinthasintha, ma bond note a 2016, RTGS ya 2019, ZiG ya 2024, koma ku famase ndi kwa dokotala wa pulayiveti ku Avenues chimene chimalankhula ndi dola ya America.

Wosauka amachita zimene angathe. Ena amamwa mapilitsi akulera ochuluka, osadziwa kuti mtundu wa mahomoni a mmenemo ukhoza kuundanitsa magazi m'mitsempha, makamaka kwa wosuta fodya. Ena amaitanitsa jakisoni ku Joni kudzera kwa oyendetsa mabasi a ku Roadport, n'kumabayana okhaokha m'chipinda cha lendi, mlingo akufunsana pa WhatsApp. Mwezi umene ganyu yasowa mankhwala amaduka, thupi n'kuyamba kubwerera, mtima n'kusweka. Anyamata ena amamanga chifuwa ndi bandeji kapena tepi tsiku lonse m'dzuwa la October mpaka kupuma kumavuta. Za opaleshoni ndiye zili kutsidya kwa Limpopo. Dziko la South Africa lili ndi lamulo la 2003 lolola kusintha chilembo cha pa chitupa, ndipo chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town chimachita maopaleshoniwa, koma mzere wake ndi wa zaka zambirimbiri ngakhale kwa eni dziko. Wochokera kuno ayambe wapeza pasipoti ya madola oposa 100 a America, pasipoti yomwenso idzakhale ndi chilembo chomwe chija.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene chidani ndi umphawi zimadyetsanirana. Ambiri mwa ife timadya za m'manja: ku Mbare Musika, ku Mupedzanhamo, ku Siyaso, kwa akalipentala a ku Glen View, m'masaluni. Malonda oterewa amadalira kuti anthu azikukonda. Mphekesera ikangoyenda, makasitomala amasamukira pa tebulo la mnzako. Landilodi amati mwezi ukatha usamuke, ana ake asaone zoipa. Mwana amene anathamangitsidwa pakhomo ali fomu 3 alibe satifiketi, ndipo ena mwa iwo amathera m'misewu ya Avenues usiku, kumene kachilombo ndi nkhanza zimawadikirira. Pamene mwana wa ku Borrowdale amakwera ndege, amaonana ndi dokotala ku Johannesburg, amayenda pa galimoto yakeyake osakumana ndi mahwindi, anyamata oitanira ma kombi ku Copacabana, zithunzi zake n'kumaoneka pa Facebook. Anthu amaona yekhayo n'kunena kuti izi ndi za olemera ndi azungu. Wa ku Epworth samuona, chifukwa umphawi unamubweza m'zovala zimene sazifuna.

Kumudzi kwa makolo athu nakonso kulibe pothawira. Tiwonge Chimbalanga, amene anthu ankamutchula kuti Aunt Tiwo, anachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Blantyre mu December 2009. Iye ankanena poyera kuti ndi mkazi, koma khoti ndi manyuzipepala anaitenga nkhaniyo ngati ya amuna awiri. Mu May 2010 anawalamula zaka 14, ndipo a Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ochepa, atakumana ndi a Ban Ki-moon, amene panthawiyo anali mkulu wa United Nations. Tiwonge anakakhala ku Cape Town ngati wothawa kwawo. Lamulo la maukwati la Malawi la 2015 linanenetsa kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi potengera mmene anabadwira. Jana Gonani, mkazi wa transgender wa ku Mangochi, anapatsidwa zaka 8 mu 2021, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana kuchotsa malamulo amene anamumangira. Ku Botswana zinayenda mosiyana: mu 2017 khoti lalikulu linalamula boma kusintha chilembo pa zitupa za anthu awiri a transgender, ndipo dzikolo silinagwe.

Pakati pathu nkhaniyi imafika pachimake pamaliro. Mwambo wathu ndi wakuti amayi amagona m'nyumba, abambo panja pamoto. Mwana ameneyu akhale kuti? Akamwalira iyeyo, amusambitse ndani, amuveke chiyani, m'busa kapena shehe atchule dzina liti? Mafunso amenewa ndi enieni, ndipo amalume kapena azakhali amene amavutika nawo sindiwayesa anthu oipa. Pali mabanja amene anapeza njira yawo mwakachetechete, agogo n'kungoti "mwanayu ndi wathu, msiyeni aphike ndi anzake," nkhani n'kuthera pomwepo. Pali ena amene anafufuta dzina la mwana m'buku la bungwe la maliro iye akali moyo.

Thandizo lochepa limene lakhala likupezeka mu Harare linkabwera kudzera m'ndalama zolimbana ndi Edzi, za Global Fund ndi PEPFAR, thumba la boma la America. M'makiliniki oyendetsedwa ndi mabungwe, munthu wa transgender ankatha kuyezetsa magazi, kulandira ma ARV kapena mankhwala oteteza ku kachilombo, namwino osaitana anzake kuti adzaone. Ena mwa achinyamatawa ankalembedwa ntchito yophunzitsa anzawo, ndipo kandalama kameneko ndi kamene kankalipira lendi ndi mahomoni. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo mapulogalamu othandiza magulu ngati amenewa anali m'gulu la oyamba kukhudzidwa. Amene ankadalira makiliniki otere anauzidwa kuti azipita ku kiliniki ya khonsolo ya kudera kwawo, kumene kalaliki wa pawindo amayamba wafunsa chitupa, ndipo amene wakhala pabenchi kumbuyo kwako ndi neba wako.