Handibuleki ya MGB ikakana kugwira, musathamangire kebulo

MGB, galimoto yaing'ono yaliwiro yomwe inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ili ndi mabuleki a dilamu a mainchi 10 kumbuyo. Handibuleki imakoka mashu, zitsulo zopindika zomwe zimakanikiza dilamu m'kati, omwewo amene amagwira mukaponda buleki. Ndiye ndodo yake ikamakwera mpaka kumapeto galimoto n'kumatsetserekabe, kawirikawiri vuto limakhala lakuti mashu atalikirana ndi dilamu. Womangitsa kebulo asanakonze zimenezi amangobisa matenda.

Tchingani matayala akutsogolo, kwezani kumbuyo ndi jeke, galimoto ikhale pa masitandi. Tsitsani handibuleki, mumasuleko nati yamkuwa yomwe ili kumapeto kwa kebulo kunsi kwa galimoto. Kuseri kwa dilamu iliyonse kuli kachitsulo kangodya zinayi, kakakulu kota ya inchi, kosendezera mashu pafupi ndi dilamu. Kapotozeni cha kumanja mpaka tayala litakana kuzungulira, pondani buleki kangapo kuti mashu akhazikike, kenako kabwezeni kalire kamodzi kapena kawiri mpaka tayala lizizungulira likungokhudza pang'ono. Kachitsuloka kamakonda kugwidwa dzimbiri. Kathireni mafuta omasulira, mudikire, ndipo mugwiritse sipanala yakeyake. Pulayazi imadya ngodya zake, ikatero ntchito ya mphindi zochepa imatha tsiku.

Tsopano kebulo. Kokani ndodo ilire katatu, mumange nati ija mpaka tayala lizitheka kulizunguza ndi manja movutikira kwambiri. Mukatsitsa ndodo, matayala onse awiri azizungulira momasuka. Limodzi likagwira linzake ayi, yang'anani chitsulo chogawa mphamvu chomwe pa ma MGB ambiri chili pa ekiselo, pafupi ndi difu, bokosi la magiya lapakati pa ekiseloyo. Chimayenera kugwedezeka ndi dzanja, koma matope ndi dzimbiri zimachiumitsa. Chimasuleni, chitsukeni, chipakeni girizi. Onaninso timapini tolumikiza kebulo kuseri kwa madilamu: tikadyeka, mabowo n'kukula, theka la kukoka kwanu limathera pomwepo.

Chimasokoneza ambiri ndi kebulo yatsopano imene ikukana kukwana, kapena imene nati yafika kumapeto kwa mazinga koma ikadali lende. Makebulo a MGB sali ofanana onse. Galimoto zoyambirira zinali ndi ekiselo ya mtundu wa banjo, zam'mbuyo mwake ya Salisbury, ndipo ekiselo ya mawilo a masipoko ndi yaifupi poyerekeza ndi ya mawilo achitsulo wamba. Galimoto yomwe yadutsa m'manja ambiri kwa zaka zoposa 40 mwina inasinthidwa ekiselo kalekale, kapena inangovekedwa mawilo a masipoko pa ekiselo yaitali. Choncho chaka cholembedwa m'mapepala musachikhulupirire. Lowani pansi muone ekiselo yomwe ilipo. Musanataye kebulo yakale, igonekeni pansi pambali pa yatsopano, muyerekeze waya wam'kati ndi chikopa chake chakunja, chilichonse pachokha.