Ndani anakuuzani kuti nyani anasanduka munthu?

Ntchito yanga ndi ya mu labu, kuyeza tizilombo toyambitsa matenda, ndipo nthawi zina ndimaphunzitsako biology. Pali funso limodzi lomwe limandipeza kulikonse munthu akangodziwa zomwe ndimachita, kaya pa Facebook kaya pamaso: "Inu asayansi, ngati munthu anachokera kwa nyani, nanga bwanji anyani adakalipo? Bwanji sitinaonepo nyani olo m'modzi akusanduka munthu?" Ena amafunsa atakwiya kale, ena akufunadi kudziwa, ndipo onsewo sindiwanyoza chifukwa funsoli ndi lomveka ndithu. Chomwe chimandipweteka n'choti chinthu chomwe iwo akukanacho inenso ndimachikana. Palibe wasayansi amene amaphunzitsa kuti nyani wina anagona ali nyani n'kudzuka akulankhula. Anthu ambiri omwe amati sagwirizana ndi evolution, chiphunzitso choti mitundu ya zamoyo imasintha mbadwo ndi mbadwo, akulimbana ndi nkhani ina yomwe anangoimva, osati yomwe ili m'mabuku a sayansi.

Ndiloleni ndiyambire pa zomwe ndimaona ndi maso angawa. Akatibweretsera mkodzo kapena mafinya a wodwala, tizilombo tomwe tapezamo timatipaka pa kambale kokhala ndi chakudya chawo chooneka ngati jelly, kenako pamwamba pake timaikapo timapepala tozungulira ting'onoting'ono, kapepala kalikonse kali ndi mankhwala akeake, basi n'kulowetsa mu incubator usiku wonse. M'mawa ukatsegula umapeza mbale yonse yachita mbuu ndi mabakiteriya kupatula mozungulira kapepala komwe mankhwala ake akugwira, pamenepo pamakhala bwalo loyera mbee, ndiye timatenga rula n'kuyeza mamilimita ake. Koma pali masiku ena umapeza tizilombo tamera mpaka kukhudza kapepala kenikeniko, bwalo kulibiretu. Nthawi zinanso bwalo lilipo koma mkati mwake muli timadontho tiwiri titatu tamera tokhatokha pakati pa mankhwala omwe apha anzawo onse. Timadontho timeneto ndikationa mtima umandiwawa, chifukwa ndimadziwa kuti kuseri kwa nambala yolembedwa pa mbaleyo kuli munthu akubuula pa bedi.

Odwala ambiri amati "thupi langa lazolowera mankhwala." Si thupi ayi, ndi tizilombo. Mabakiteriya mamiliyoni omwe ali mwa munthu m'modzi sali ofanana ndendende. Akamagawikana amakopera DNA yawo, yomwe ndi malangizo a chibadwa osungidwa mkati mwa chamoyo chilichonse, ndipo kukoperako kumalakwika mwa apo ndi apo, izi n'zomwe timati mutation, komanso ena amapatsana majini (tizigawo ta DNA) okhaokha. Zolakwika zambiri sizisintha kanthu, zina zimapha mwini wake, koma mwa mwayi chabe kamodzi pa mamiliyoni kamapezeka kuti mankhwala akuti sakukagwira. Mankhwala akabwera amasesa onse aja n'kusiya kameneka, ndipo poti bakiteriya ngati E. coli pamalo abwino imagawikana pa mphindi 20 zilizonse, sipatenga masiku ambiri ana a kamodzi kaja adzadza. Mankhwalawo sanaphunzitse tizilombo kalikonse, anangosefa. Alexander Fleming, yemwe anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza za zimenezi mu 1945 pomwe ankalandira mphoto ya Nobel. Zomwezo zinachitika ndi chloroquine: tizilombo ta malungo tosamva mankhwalawa tinayamba kuoneka kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi ku South America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pofika kumapeto kwa ma 1970 tinali titafika kum'mawa kwa Africa.

Evolution ndi imeneyo basi. Zinthu zitatu: ana a mtundu umodzi amasiyanasiyana, kusiyanako kumayenda m'magazi kupita kwa ana awo, ndipo ena amapulumuka n'kubereka kuposa anzawo chifukwa cha kusiyana komweko. Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace anaganiza zimenezi aliyense payekha, maganizo awo anawerengedwa limodzi ku London mu 1858, ndipo chaka chotsatira Darwin anatulutsa buku lake lija la On the Origin of Species. Chonde gwirani apa chifukwa ndi pomwe ambiri amasochera: chomwe chimasintha si chamoyo chimodzi ayi. Chimabadwa, chimakula, chimafa chili momwemo. Chomwe chimasintha ndi mtundu wonse, mbadwo ndi mbadwo, malinga ndi amene wasiya ana ambiri.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha timbalame totchedwa finch pa kachilumba ka Daphne Major ku Galápagos. Peter ndi Rosemary Grant, mwamuna ndi mkazi wake, pamodzi ndi ophunzira awo anakhala akupita kumeneko kwa zaka 40 kuyambira 1973, kugwira mbalame imodziimodzi, kuyeza mlomo wake, kuiveka kamphete ku mwendo n'kuisiya. Mu 1977 kunagwa chilala choopsa, njere zing'onozing'ono zofewa zinatha n'kutsala zazikulu zolimba, ndipo mbalame zoposa 80 pa 100 zilizonse za mtundu womwe ankautsatira zinafa. Zotsalazo zambiri zinali zija za milomo yochindikala yotha kuswa njere zolimba. Ana omwe anabadwa chilala chitatha, milomo yawo pa avereji inali yochindikala ndi 3 kapena 4 peresenti kuposa ya mbadwo wa m'mbuyo. Palibe mbalame yomwe inakulitsa mlomo wake chifukwa cha njala. Za milomo yowonda zinangofa, sizinabereke.

Tsopano apa wina wanzeru amati, "chabwino, koma bakiteriya ndi bakiteriya basi, mbalame ikadali mbalame, mwationetsa kusintha kwakung'ono, osati mtundu wina kukhala wina." Funso limeneli ndi labwino kuposa la nyani lija ndipo ndimasangalala likabwera. Yankho loyamba ndi nthawi. Moyo wa munthu ndi zaka 70 kapena 80, pomwe dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni ndipo zamoyo zakhalapo zaka zoposa 3.5 biliyoni, nde mutu wathu sunazolowere manambala oterewa, timangowatchula koma sitiwamva kulemera kwake. Richard Lenski anayamba mu 1988 kuweta E. coli m'mabotolo 12, tsiku lililonse kutapako pang'ono n'kusamutsira mu chakudya chatsopano, ndipo pakadutsa mibadwo 500 iliyonse amasungako ena mu fuliza kuti azitha kubwerera m'mbuyo n'kuona makolo. Itakwana mibadwo pafupifupi 31,500, botolo limodzi linachita chinthu chomwe E. coli sichita pakakhala mpweya wa oxygen: linayamba kudya citrate, mchere wa asidi yemwe amapezeka mu mandimu. Ndipotu kulephera kudya citrate ndi chimodzi mwa zizindikiro zomwe ife mu labu timazindikirira kuti iyi ndi E. coli. Zaka pafupifupi 15 zokha zimenezo, mu botolo laling'ono.

Yankho lachiwiri ndi umboni womwe unanenedweratu usanapezeke, ndipo kwa ine uwu ndiye wamphamvu. Neil Shubin ndi anzake anati ngati nyama za miyendo inayi zinachokeradi ku nsomba, ndiye kuti m'miyala ya zaka pafupifupi 375 miliyoni, yomwe inali pansi pa mitsinje, muyenera kupezeka chamoyo cha pakatikati. Anafufuza pa mapu komwe miyala yotere ili pamtunda, anapita ku chilumba cha Ellesmere kumpoto kwa Canada, anakumba zaka zingapo osapeza, ndipo mu 2004 anapeza Tiktaalik: mamba ndi zipsepse ngati nsomba, koma mutu waphwatalala, khosi lotha kutembenuka, ndi mafupa m'zipsepsemo ofanana ndi a mkono. Chinanso chili m'thupi mwathu momwemu. Munthu ali ndi ma chromosome (timitolo ta DNA) 46, chimpanzi ndi gorila ali ndi 48. Ngati tili ndi kholo limodzi, awiriwo anapita kuti? Asayansi anati mwina awiri analumikizana n'kukhala imodzi, ndipo mu 1991 anapeza kuti chapakati pa chromosome 2 ya munthu pali DNA ya mtundu womwe umayenera kukhala kumapeto kwa chromosome, mbali ziwiri zitayang'anizana, ngati mfundo ya zingwe ziwiri zolumikiza.

Ndiye za anyani zija. Sayansi sinena kuti chimpanzi ndi agogo athu. Imati ndi msuweni. Inu simunabadwe kwa msuweni wanu, nonse munachokera kwa agogo amodzi, ndipo kubadwa kwa inu sikunachititse kuti msuweniyo asowe. Kholo lomwe timagawana ndi chimpanzi linakhalako zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, silinali chimpanzi ya lero komanso silinali munthu, ndipo kuchokera pamenepo nthambi iliyonse yayenda ulendo wake. Mafupa a Lucy omwe anapezeka ku Hadar ku Ethiopia mu 1974, a zaka 3.2 miliyoni, ndi a chamoyo choyenda ndi miyendo iwiri koma ubongo wake waung'ono pafupifupi ngati wa chimpanzi.

Koma ndisanamize, mawu oti "nyani" ali ndi bala, ndipo ife asayansi tikamadabwa kuti bwanji anthu akupsa mtima timakhala ngati taiwala mbiri. Mu 1906 mnyamata wochokera ku Congo dzina lake Ota Benga anaikidwa m'nyumba ya anyani ku Bronx Zoo ku New York kuti anthu azidzamuona, ndipo anali abusa akuda a kumeneko omwe anadzuka n'kukana nkhanza imeneyi. Panali anthu ophunzira omwe anatenga dzina la Darwin n'kumanga makwerero, mzungu pamwamba wakuda pansi, pofuna kuti utsamunda uoneke ngati lamulo la chilengedwe. Mpaka lero osewera mpira akuda amalizidwa kulira kwa anyani m'mabwalo a ku Europe. Nde munthu akamva "munachokera kwa nyani" n'kumva chipongwe, sakulakwa kukumbukira. Chomwe ndimamupempha n'choti amvenso zomwe majini anadzaonetsa pambuyo pake: makwerero aja kulibe. Anthu onse a lero ndi mtundu umodzi, Homo sapiens, womwe unayambira mu Africa (mafupa akale kwambiri ndi a ku Jebel Irhoud ku Morocco, zaka pafupifupi 300,000), ndipo wa ku Norway, wa ku China ndi wa ku Ghana onse ali patali mofanana ndendende ndi chimpanzi.

Bala lina ndi la chikhulupiriro. Ambiri anauzidwa kuti usankhe, Mulungu kapena Darwin, ndipo munthu ukamuika pakona chonchi zoti asankha chani n'zodziwikiratu. Kafukufuku akuonetsa zimenezi bwino lomwe. Mu 2019 a bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup atafunsa anthu a ku America, 40 pa 100 anati Mulungu analenga munthu momwe alili leromu, 33 anati munthu anasintha pang'onopang'ono Mulungu akutsogolera, 22 anati anasintha popanda Mulungu. Chaka chomwecho a bungwe lina lotere la Pew anatulutsa zomwe anapeza atafunsa funso lomweli m'njira ziwiri. Omwe anayamba afunsidwa kuti angosankha, munthu anasintha kapena sanasinthe, 31 pa 100 anati sanasinthe. Koma omwe anapatsidwa nthawi imodzi mwayi wonena kuti anasintha Mulungu akutsogolera, okana anatsika kufika 18. Mwaona? Anthu ambiri sakukana umboni, akukana kuuzidwa kuti ataye Mulungu wawo. Ndipo maganizowa amasiyana kwambiri dziko ndi dziko: kafukufuku wa maiko 34 yemwe anatuluka mu magazini ya Science mu 2006 anapeza Iceland, Denmark ndi Sweden ali pamwamba povomereza evolution, America ili pafupi ndi pansi, pansi penipeni pali Turkey.

Ine si m'busa ndipo sindikuuzani zoti mukhulupirire. Ndingokuuzani kuti kusankha kuja si aliyense amakuona kofunika. Gregor Mendel, yemwe anatulukira momwe zinthu zimayendera kuchoka kwa makolo kupita kwa ana, anali wansembe. Papa John Paul II mu 1996 ananena kuti evolution yaposa pongokhala ganizo chabe. Francis Collins, yemwe anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu wosabisa ndipo amavomereza evolution. Aliponso asayansi osapemphera, alinso okhulupirira omwe amakana zonsezi, onse alipo. Mbale yanga ija ilibe yankho pa funso loti moyo uli ndi cholinga chanji, ndipo wasayansi akamalankhula ngati ili nalo wadumpha malire a ntchito yake. Evolution sifotokozanso momwe moyo unayambira poyambirira penipeni, imafotokoza momwe wasinthira chiyambire.

Mawu oti "theory" nawonso amasokoneza, ena amati "si theory chabe imeneyo?" Mu sayansi theory ndi kufotokoza komwe kwayesedwa kambirimbiri n'kupirira, ngati germ theory yoti matenda ena amabwera ndi tizilombo, yomwe palibe amaikayikira akamasamba m'manja.

Chifukwa chomwe nkhaniyi sindiisiya n'choti kwa ine si mtsutso wa pa intaneti. Munthu amene akumvetsa kusefa kuja amamvetsanso chifukwa chomwe sitimwera antibiotic pa chimfine, chifukwa chomwe TB ndi HIV timazimenya ndi mankhwala angapo nthawi imodzi (kachilombo kopulumuka kumodzi kamagwidwa ndi enawo), komanso chifukwa chomwe katemera wa fuluwenza amakonzedwanso chaka ndi chaka. Ndagwirapo ntchito ndi anzanga opemphera kwambiri omwe mawu oti evolution safuna n'kuwamva komwe, koma tikaimirira limodzi pa mbale ija m'mawa, timadontho tija titamera mkati mwa bwalo, sitikangana. Timayezanso kachiwiri, n'kutenga foni kuimbira dokotala kuti wodwala uja asinthidwe mankhwala lero lomwe.